Matabuleti pa sukulu yathu ku Mulanje: momwe ntchito yayendera chaka chino

Zolembazi ndi za ntchito yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu pogwiritsa ntchito matabuleti pa sukulu yathu ya pulayimale, m'munsi mwa phiri la Mulanje chakumalire. Ahedi anandipatsa udindo wosunga makiyi a kabati, kukonza taimutebulo ndi kulemba zomwe zikuchitika. Ndazitenga m'kope la ntchitoyi, ndangochotsamo maina a ana. Aphunzitsi anzanga a m'zoni muno ndi ena a ku Thyolo akhala akufunsa pa gulu lathu la WhatsApp kuti zikuyenda bwanji, ndiye ndati ndiziike pamodzi.

Sepitembala

Katundu wafika: matabuleti, mahedifoni, mapanelo a sola, batire ndi kabati yachitsulo yotchajiramo. Maphunziro onse ali kale m'kati mwa tabuleti, m'Chichewa, ndipo safuna intaneti. Kuno zimenezi n'zofunika, chifukwa netiweki timachita kuisaka pachulu, ndipo nthawi zina foni imakoka ya ku Mozambique mwini wake osadziwa.

Mapanelo tawakhoma padenga la ofesi moyang'ana kumpoto, komwe dzuwa limapendekera makamaka nyengo yozizira. Ena amati tiwaike pa buloko ya Sitandade 1 poti ndi yaifupi, koma apampando a komiti ya sukulu anakana. Anakumbutsa za Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pamene madenga a mabuloko okalamba anasasuka, madzi n'kulowa m'makalasi, sukulu zambiri m'boma muno n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa chifukwa chomwecho kabati taikweza pa njerwa, siikhudza pansi. Pazenera tawotcherera zitsulo, ndipo makolo agwirizana kusonkha kangachepe ka mlonda.

Msonkhano wa makolo unali wautali. Agogo ena anaimirira n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, timafoni timeneti sitipha maso a ana? Nanga mdzukulu wanga akaswa, ndigulitsa mbuzi ine?" Bambo wina anafunsa ngati timajambula ana n'kutumiza nkhope zawo kunja. Funso limeneli sitinaliseke. Kuno mphekesera siichedwa kuyaka, ndipo aliyense akukumbukira zomwe nkhani za anamapopa zinachita m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017. Tinatulutsa matabuleti pabwalo pomwepo, afumu n'kukhala oyamba kuvala mahedifoni. Atamva mawu akuwauza kuti awerenge mango, anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anachita kulandana. Kuyambira tsiku limenelo funso la kujambula silinabwerenso.

Aphunzitsi akale pano sanatengeke kwenikweni. Madamu amene aphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ife tinaona wailesi za Tikwere." Amanena maphunziro a pa wailesi aja amene anayamba kuulutsidwa pa MBC mu 2008, ana akuimba ndi kuyankha motsatira mawu a m'wailesi. Akuti anali abwino, koma wailesi ya pano itawonongeka panalibe amene ankadziwa kuti udindo woikonzetsa ndi wa ndani. Mawu amenewa ndawalemba pa tsamba loyamba la kope, ndipo tagwirizana kuti chilichonse chowonongeka chizilembedwa tsiku lomwelo pamodzi ndi dzina la woti achitsatire.

Okutobala

Taimutebulo ndiye yatidyera nthawi. Sitandade 1 ili ndi ana opitirira 100, matabuleti sakwana onse pakamodzi, choncho kalasi iliyonse taigawa m'magulu, gulu lililonse mphindi 30. Vuto n'lakuti mphunzitsi ndi mmodzi. Akalowa ndi gulu lina ku matabuleti, otsalawo ali ndi ndani? Pakadali pano aphunzitsi ophunzirira ntchito ochokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC) akutithandiza, ndipo amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi othandiza pa sukulu, akusinthana kukhala ndi ana pansi pa mtengo wa mango, kuwayang'anira akamalemba m'makope. Si njira yokhalitsa, koma ikuyenda.

Gulu loyamba likulowa ana atamwa kale phala. Tinaona kuti asanamwe, maso amakhala ku khitchini, ndipo akangomva kulira kwa makapu amavula mahedifoni okha. Manja nawo azisambidwa kaye, apo ayi galasi limadzaza phala louma.

Fumbi la mwezi uno likuphimba mapanelo, mphamvu n'kumachepa. Anyamata a Sitandade 7 akuwapukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa, mphunzitsi atagwira makwerero. Zingwe za mahedifoni zayamba kale kuduka chifukwa ana aang'ono amazitafuna akamaganiza yankho. Mahedifoni timapukuta gulu likatuluka, poopa chipere ndi mafinya a m'khutu.

Kujomba kwachepa, rejisitala ikuchitira umboni. Ana amene ankasowa masiku a msika wa ku Limbuli akumabwera, ena akumafunsa pageti kuti, "Lero gulu lathu lilowa?" A Sitandade 5 akumasuzumira pazenera ndi kaduka. A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni muno, atabwera anaima pakhomo n'kunena kuti sanaonepo Sitandade 1 ili chete chonchi. N'zoona, m'chipindamo mumamveka kupuma kokha. Ine bata limeneli silikundikhutiritsa, chifukwa mwana wachete ukhoza kumuyesa akuphunzira pomwe akungoonerera zithunzi.

Novembala

Mwezi uno ndausiyira kukhala pansi pamphasa pambali pa ana, kuona zala zawo.

Kamtsikana kena ka Sitandade 2 kankaoneka kachangu kuposa anzake. Mphunzitsi wojambulidwa amene amawalankhula m'mahedifoni, yemwe ana amutcha madamu a m'tabuleti, anati kapeze phatikizo "mba". Pagalasi panali maphatikizo angapo. Iko sikanawayang'ane n'komwe. Chala chinangoyambira kumanzere, kujompha limodzi limodzi ngati nkhuku pa chimanga, mpaka kanamva kaphokoso kosonyeza kuti kakhoza. Kanamwetulira, n'kupita pa funso lina, n'kuchita chimodzimodzi. Ndinatenga sileti ndi choko, n'kulemba "mba" yemweyo. "Tawerenga apa." Kanayang'ana sileti, kanayang'ana ine, kenako n'kuti, "Sindikudziwa, aphunzitsi."

Si ana onse otere, ndinene zimenezi msanga. Ambiri amamvetsera, amatchula liwu pakamwa, amatsata lembo ndi chala, ndipo akalakwa tabuleti imawabwerezera mosatopa, mosakalipa. Imayamba yamuyesa mwana mafunso ochepa kuti imupatse ntchito ya msinkhu wake, zomwe ine ndi choko changa sindingachitire ana 100 pa nthawi imodzi. Koma tabuleti imamva chala, siiona kumene maso a mwana ali. Mwana wochenjera amatulukira msanga kuti kudina paliponse kumafikitsa pa yankho, ndipo mphunzitsi amene wakhala pa desiki kuchonga makope kapena kulemba lesoni pulani ya mawa sangasiyanitse wojompha ndi wowerenga. Onse ali phee, onse akumwetulira.

Tinakambirana zimenezi mu sitafu Lachisanu, ndipo Madamu a Tikwere aja ndi amene anaziika bwino. M'mabuku a pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, amene takhala tikugwiritsa ntchito kuyambira 2016, phunziro limayenda magawo atatu: mphunzitsi amayamba kuonetsa, kenako mphunzitsi ndi ophunzira pamodzi, pomaliza ophunzira paokha. Iwo anati m'kalasi yodzaza gawo lachitatulo silichitika kwenikweni. Ukati "werengani nokha", ana khumi a kutsogolo amawerenga, ena onse amangotsatira mawu ngati kwaya, ndipo iwe umatuluka ukuganiza kuti aliyense wamva. Pa tabuleti palibe kwaya. Mwana aliyense amayankha yekha, ndipo kusadziwa kwake kumaonekera poyera kwa amene akufuna kukuona. Ndiye mphindi 30 zimenezo si nthawi yoti mphunzitsi apume, ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene angaone mwana mmodzi mmodzi.

Zomwe tasintha n'zosavuta. Mpando wa mphunzitsi tautulutsa m'chipinda cha matabuleti. Mphunzitsi azizungulira ali ndi sileti m'manja, azigwada pambali pa mwana, azimufunsa pa sileti chomwe wangoyankha pagalasi. Mphindi zomaliza ana azitembenuza matabuleti chafufumimba, ndipo angapo azinena kapena kulemba chomwe aphunzira. Kalasi iliyonse ili ndi kope lake lolembamo maphatikizo ndi masamu amene akukola ana ambiri, kuti mawa lake zikayambire pa bolodi.

Pali mphunzitsi mmodzi amene sanagwirizane nazo. Akuti ntchito yawonjezeka pomwe malipiro ndi omwewo, ndipo ankayembekezera kuti makinawa amupeputsa. Sindimuweruza, makope 100 ochonga si masewera. Koma ahedi anati mpando usabwerere.

Disembala

Mayeso a teremu, ndiye magulu sanalowe mokwanira. Mvula yayamba, fumbi pa mapanelo latha lokha. Mahedifoni oduka tawapereka kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika, walumikiza ambiri ndi ndalama yochepa yochokera m'thumba la komiti. Pa holide mlonda azigona pafupi ndi ofesi.

Januwale ndi Febuluwale

Kujomba kwabwereranso, ndipo apa tabuleti ilibe mphamvu. Mitsinje yochokera m'phiri ikadzaza, ana a kutsidya sawoloka. Ino ndi nyengonso imene tiyi amachuluka, makolo amalawirira m'mamawa kukathyola ku esiteti, atsikana okulirapo n'kutsala pakhomo kulera ana. Amayi a Mother Group ayenda m'makomo, ena abwerera, ena ayi. Chomwe ndaona n'chakuti mwana amene wajomba sabata yathunthu sasochera pa tabuleti, imangomuyambitsa pomwe ali. Pa bolodi ndi pomwe amapeza anzake atapita kutali.

Nkhani yovuta miyezi iyi yakhala ya kutchaja mafoni. Anthu adziwa kuti mu ofesi muli magetsi a sola. Anayamba ndi aphunzitsi, kenako a komiti, kenako achibale awo, mpaka tsiku lina ndinapeza mafoni ali ndandanda pamwamba pa kabati, wina atalumikizanso tochi ndi wailesi. M'mawa mwake matabuleti ena anazima gulu lachiwiri lisanathe. Batire ili ndi malire ake: zomwe mapanelo akolola masana n'zomwe matabuleti amadya, ndipo batire yomwe imakhuthulidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku siikhalitsa. Kufotokozera munthu wamkulu zimenezi ali ndi foni yozima m'manja n'kovuta, makamaka pomwe ndi yemweyo amasonkha ndalama ya mlonda. Nkhaniyi tinaipereka kwa afumu. Chigamulo chawo n'chakuti matabuleti akhute kaye, ndipo pokhapokha dzuwa lawala bwino mafoni a aphunzitsi okha atchajidwe masana, osati usiku. Pali odandaula, koma mawu a afumu amveka kuposa anga.

Chinthu china chomwe sitinachiyembekezere. Mu Sitandade 2 muli mnyamata wamkulu kuposa anzake, wobwereza kalasi, wokhala kumbuyo chifukwa cha kutalika. Aliyense ankamudziwa ngati wosamva za m'kalasi. Mphunzitsi wake, pozungulira muja, anaona kuti mnyamatayu amanyamula tabuleti mpaka kuigunditsa pamphuno, koma masamu akuwonkhetsa ndi kuchotsera mosaphonya, mofulumira kuposa a kutsogolo. Anamutengera m'kalasi, n'kulemba nambala pa bolodi, n'kumuimika kumbuyo komwe amakhala. Sanathe kuitchula. Atamusendeza pafupi anaitchula nthawi yomweyo. Zaka zonsezi mwanayu sankaona bolodi, ndipo iye ankayesa kuti aliyense amaona choncho. Tinaitana amayi ake. Anati, "Aphunzitsi, ine ndimayesa ndi ulesi, ndakhala ndikumukalipira." Tawalembera kalata yopita nayo kuchipatala, tadziwitsanso mphunzitsi wa ana a ulumali wa m'zoni muno, ndipo mnyamatayo tsopano amakhala pamzere woyamba chakumbali kuti asatchinge anzake. Pambuyo pake tayesa ana onse a m'makalasi anayiwa mwa njira yomweyo, ndipo tapezanso ena ochepa, kuphatikizapo mmodzi amene amamva khutu limodzi lokha.

Malichi

Tinali ndi maphunziro owonjezera luso la aphunzitsi (CPD) ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni timakumanira, ndipo anandipempha kufotokoza za ntchitoyi. Ambiri ankafuna kudziwa ngati zimathandizadi. Ndinawauza zomwe zikudziwika. Maphunziro a pa tabuleti a mtundu umenewu si achilendo m'dziko muno: bungwe la VSO pamodzi ndi onebillion, amene amakonza maphunzirowa, anayamba kuwayesa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amene anagwiritsa ntchito matabuleti anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa pulogalamu ya matabuleti yotchedwa BEFIT, yomwe cholinga chake n'kufikira sukulu za pulayimale za boma pafupifupi 6,000, Sitandade 1 mpaka 4, pofika 2029. Ndiye funso loti kaya zibwera kapena ayi latha, zikubwera. Chomwe ndinawapempha n'chakuti akamakonzekera asaganize za kabati ndi mlonda zokha, aganizenso za kumene mphunzitsi adzakhale ataima pa mphindi 30 zimenezo.

Mphunzitsi wina wa ku sukulu yoyandikana nafe anafunsa ngati ana sayamba kunyansidwa ndi bolodi akazolowera zithunzi zoyenda. Kwathu zaoneka pang'ono mu Sitandade 1, kumene ena amalira nthawi yawo ikatha. M'makalasi enawo ayi. M'malo mwake ana ayamba kufunsa. "Madamu, a m'tabuleti anati chakuti, inu mukuti chakuti, zoona n'ziti?" Mwana wa Sitandade 3 wofunsa mphunzitsi funso, kuno si chinthu wamba.

Meyi ndi Juni

Chiperoni chafika. Amene sakhala kuno mwina sadziwa: mphepo yachinyezi yochokera chaku Mozambique ikaomba, mitambo imatsika, kamvula kowaza n'kumagwa masiku angapo osaleka, phiri lonse osaoneka. Tiyi amakondwa, mapanelo ayi. Batire siikudzaza, ndipo pali masiku amene matabuleti okhuta ndi theka lokha. Anzathu a ku Bondo, amene amalandira magetsi a kampani ya MEGA opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, nyengo ngati ino siiwadetsa nkhawa. Ife tachita kusankha. Masiku a chiperoni Sitandade 1 ndi 2 ndi amene akulowa, 3 ndi 4 adikire dzuwa. Kuwala kwa galasi tachepetsa, tabuleti iliyonse izizimitsidwa gulu lomaliza likangotuluka, ndipo mafoni aletsedweratu mpaka nyengo isinthe.

Masiku opanda magetsiwa aonetsa kusiyana kwa makalasi. Kumene mphunzitsi wakhala akulemba m'kope lija, ntchito sinaime. Madamu a Sitandade 3 anatenga maphatikizo onse amene akhala akukola ana, monga "nkha", "ng'a", "psa" ndi "mphwa", n'kuwalemba pa zidutswa za makatoni. Ana akukhala awiriawiri, wina amatchula, wina amaloza, ndipo wolakwa amabwereza, monga momwe azolowerera pa tabuleti. Masamu akuchita ndi zitsekerero za mabotolo ndi timiyala. Ndi TALULAR yomwe ija tinaphunzira ku koleji, njira yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, kungoti tsopano akudziwa kuti ndi mwana uti akufuna khadi liti. Kumene kope lili mbee, nthawi ya matabuleti ikangolephereka ana amauzidwa kuti akasewere.

Kuzizira nako kwadzetsa zake. Zala zozizira ndi zonyowa sizigwira bwino pagalasi, ndipo ana ambiri alibe majuzi. Pakhomo taikapo chiguduli chopukutira m'manja.

Julayi

Teremu isanathe tayesa ana a Sitandade 1 ndi 2 mmodzi mmodzi, popanda tabuleti: pepala la malembo, maphatikizo, mawu ndi kachiganizo kakafupi, kenako masamu ochepa apakamwa. Zatenga nthawi, koma ndi mayeso okhawo amene ndimawakhulupirira. Pa masamu kusintha kukuonekeratu, makamaka kuzindikira manambala ndi kuwonkhetsa. Pa kuwerenga, ambiri akudziwa maliwu ndi maphatikizo osavuta, koma akafika pa chiganizo amadodoma, amawerenga liwu lililonse palokha n'kuiwala chiyambi asanafike kumapeto. Pamenepa pakufunika mabuku ogwira m'manja ndi munthu womvetsera mwana akuwerenga mokweza, ndipo mabuku athu ndi ochepa, ena anang'ambika. Kamtsikana kojompha kaja kanawerenga mzere wonse wa maphatikizo, kanangokodwa pa awiri omaliza. Mnyamata wa maso uja akupita ku Sitandade 3.

Pali nkhani zomwe sitinagwirizane mu sitafu. Ena akuti ana atsopano a Sitandade 1 asakhudze tabuleti mwezi woyamba, ayambe azolowera kugwira pensulo ndi kukhala m'kalasi. Ena akuti tabuleti ndi yomwe imawakoka kuti asathawe sukulu masabata oyambawo. Ine ndili mbali yachiwiriyi, bola pensulo isasiyidwe, koma ahedi ati tidzagamule sukulu ikamatsegulira. Aphunzitsi a ku TTC amaliza nthawi yawo ndipo akupita, ndiye funso la gulu lotsala panja labwerera pomwe linali mu Okutobala. A komiti alonjeza kukambirana ndi achinyamata a m'mudzi amene anamaliza Folomu 4 ngati angadzipereke masiku ena.

Pa holide ino makiyi a kabati akhala ndi achiwiri kwa ahedi, poti nyumba yawo ili pa sukulu pomwepano. Azitsegula kamodzi pa sabata kuona kuti batire ikulandira moto ndi kuti matabuleti sanaphweretu. Mahedifoni oduka apita kale ku msika, ndipo kope lililonse la kalasi laperekedwa kwa mphunzitsi amene alandire anawo mu Sepitembala.